Kuphunzitsa ntchito yoika sola m'koleji ya ntchito zamanja: wekishopu, masamu ndi kufufuza zolakwika

Makoleji ambiri a ntchito zamanja akuyambitsa maphunziro a ntchito zosamala chilengedwe, ndipo kosi yomwe ambiri amayambira ndi yoika sola. Sizodabwitsa. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse, ndipo m'mayiko ambiri ofuna sola achuluka kuposa amisiri odziwa kuiika bwino. Chomwe chimalakwika m'makosi ambiri n'chakuti ophunzira amangoona sola yomwe ikugwira ntchito. Amalumikiza mawaya monga awauzira, babu n'kuyaka, satifiketi n'kutuluka. Koma mmisiri akatuluka m'koleji, nthawi zambiri amaitanidwira sola yomwe yasiya kugwira kapena yomwe ikupereka theka la mphamvu yake. N'chifukwa chake malangizo onsewa atsamira pa mfundo imodzi: wophunzira aziyamba wawerengera nambala yomwe multimeter (chida choyezera magetsi) iyenera kuonetsa, kenako ayeze, ndipo zikasiyana afotokoze chifukwa chake.

Oyenera kulowa kosiyi

Ntchito ya sola imamangidwa pamwamba pa ntchito ya magetsi. Wophunzira yemwe sadziwa lamulo la Ohm, sanayambe wakokapo waya m'nyumba, ndipo sadziwa kuzimitsa magetsi ndi kutsimikiza kuti azimadi, asayambire pa mapanelo. Ngati koleji ikulandira anthu oyamba kumene, iwapatse kaye maziko a magetsi. Amisiri omwe ali kale pa ntchito angaphunzire gawo la sola m'masabata ochepa, koma iwowa ali ndi vuto lawolawo: anazolowera magetsi a AC, a m'nyumba aja omwe amasinthasintha kolowera, ndipo zizolowezi zina za AC n'zoopsa pa DC, magetsi oyenda mbali imodzi omwe mapanelo ndi mabatire amatulutsa. Tibwereranso pamenepa.

Pa ntchito ya manja ophunzira akhale awiriawiri. Akakhala anayi pa benchi imodzi, mmodzi amagwira ntchito, atatu n'kumangoonerera. Pa masiku ogwira mawaya amoyo kapena okwera denga, mphunzitsi mmodzi asayang'anire ophunzira opitirira asanu ndi atatu.

Wekishopu

Musaphunzitsire pa sola yomwe ikupereka magetsi ku maofesi a koleji. Sola imeneyo simungaizimitse pomwe mwafunira, ndipo palibe angakuloleni kuiwononga mwadala. Pamafunika malo atatu ophunzitsira.

Oyamba ndi mabenchi a m'kati, benchi iliyonse yokhala ndi bolodi la thabwa pomwe pamangidwa controller (choyang'anira kutchaja kwa batire), mafyuzi, maswitchi a DC, inverter yaing'ono (chosandutsa DC kukhala AC), ndi batire pansi pake. Achiwiri ndi choimikapo mapanelo cha matayala, chotha kukankhidwira padzuwa ndi kupendekedwa mosiyanasiyana, cha mapanelo awiri mpaka anayi. Achitatu ndi denga lophunzitsira: lalikulu pafupifupi mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, lopendekeka madigiri 25 mpaka 30, m'munsi mwake motalikirana ndi nthaka mita imodzi yokha. Theka likhale la malata, theka la matailosi, chifukwa kamangidwe ka zogwirira mapanelo kamasiyana. Pansi pa dengalo pakhale poonekera kuti ophunzira aziona ngati bawuti yalowadi m'thabwa kapena yangoboola lata n'kulendewera.

Pa zida zoyezera musaumire. Gulu lililonse la awiri likhale ndi multimeter ya CAT III yofika 1000 V, komanso clamp meter (chida choyeza karenti pongopana waya) yoyeza karenti ya DC. Onetsetsani bwino pogula, chifukwa ma clamp meter ambiri otsika mtengo amayeza karenti ya AC yokha, ndipo pa waya wa panelo amangoonetsa ziro. Kalasi yonse ingabwerekane chida chimodzi kapena ziwiri zoyezera insulation (ngati zokutira mawaya zikutchingadi magetsi) pa 250, 500 ndi 1000 V, chida choyezera kuwala kwa dzuwa mu W/m², sipanala ya torque, ndi pulayazi yeniyeni yofinyira ma MC4, zolumikizira za pa mawaya a mapanelo. Kamera yoona kutentha ndi yothandiza kwambiri ngati ndalama zilipo. Sungani mapanelo akale, osweka ndi otha mphamvu omwe. Makampani oika sola amakhala nawo ambiri, ndipo pophunzitsira ndi amtengo wapatali.

Yambani ndi chomata cha kumbuyo kwa panelo

Tsiku loyamba, aliyense atembenuze panelo awerenge chomata. Tiyerekeze ndi panelo ya 400 W yolembedwa kuti Voc 37 V, Vmp 31 V, Isc 13.7 A, Imp 12.9 A. Voc ndi voteji ya panelo ikakhala kuti sinalumikizidwe ku chilichonse. Isc ndi karenti yomwe imayenda mawaya ake awiri akagundanitsidwa. Vmp ndi Imp ndi pomwe panelo imapereka mphamvu yochuluka kwambiri, ndipo ophunzira achulukitse 31 ndi 12.9 aone okha kuti 400 W ija ikuchokera pamenepo.

Manambala onsewa anayezedwa pa kuwala kwa 1000 W/m², maselo a panelo ali pa madigiri 25. Padenga zinthu sizikhala choncho kawirikawiri. Kukawala dzuwa maselo amafika madigiri 60 kapena 65, ndipo mphamvu imatsika ndi pafupifupi 0.35 pa 100 iliyonse pa digiri iliyonse yoposa 25. Pa madigiri 65, kusiyana ndi madigiri 40, kutsika n'kukhala 14 pa 100: panelo ya 400 W ikupereka pafupifupi 344 W, ndipo siyowonongeka. Wophunzira amene sakudziwa izi adzabweza mapanelo abwinobwino kwa wogulitsa. Kuti mfundoyi ikhazikike, ayeze Voc panelo itangotuluka kumene pamthunzi, ayezenso pakatha mphindi 20 padzuwa, kenako athire madzi kumaso kwa panelo aone voteji ikukweranso.

Mbali yoopsa ndi kuzizira. Voc imakwera kukazizira, pafupifupi 0.28 pa 100 pa digiri iliyonse, ngakhale nambala yeniyeni muyenera kuitenga pa pepala la wopanga. Perekani funso ili: inverter imalola 500 V ku mbali ya DC, kodi mungalumikize mapanelo angati mu mzere umodzi wa series, wolumikiza pulasi ya panelo imodzi ku mayinasi ya yotsatira kuti voteji iziwonjezekera? Ambiri agawa 500 ndi 37 n'kupeza 13, poti 13 kuchulukitsa 37 ndi 481. Koma m'mawa wozizira madigiri 0, dzuwa litangotuluka, Voc imakwera ndi 7 pa 100 kufika 39.6 V, ndipo mapanelo 13 amapereka pafupifupi 515 V. Inverter ikhoza kupsa, ndipo wopanga sadzavomera kuibweza. Yankho ndi 12. Funso limeneli libwerezedwe ndi mapanelo ndi ma inverter osiyanasiyana mpaka aliyense azifunsa yekha kuti kumalo komwe akukaika kumazizira kufika pati.

Kuwerengera kukula kwa sola

Kuwerengera kumayambira pa zomwe mwini nyumba amagwiritsa ntchito, osati pa mapanelo omwe ali m'sitolo. Apa m'pamenenso kusamala chilengedwe kumayambira: babu lakale la 60 W likasinthidwa ndi la LED la 9 W lowala mofanana, mapanelo ndi mabatire ofunika amachepa musanagule kanthu.

Chitsanzo chabwino choyambira ndi ichi. Mababu 6 a 10 W kwa maola 5 ndi 300 Wh. Firiji 800 Wh pa tsiku. Laputopu ya 60 W kwa maola 4 ndi 240 Wh. Fani ya 50 W kwa maola 4 ndi 200 Wh. Mafoni 60 Wh. Zonse pamodzi 1600 Wh pa tsiku.

Za mapanelo, tengani maola a dzuwa lamphamvu a mwezi womwe dzuwa limachepa kwambiri pamalopo, osati a chaka chonse. Global Solar Atlas ndi PVGIS zimapereka manambalawa kwaulere pa intaneti, ndipo ophunzira azolowere kuzigwiritsa ntchito. Tiyerekeze kuti ndi maola 4.5. Mphamvu ina imatayika chifukwa cha kutentha, fumbi, mawaya, batire ndi inverter, choncho werengerani kuti yofika ku zipangizo ndi 75 pa 100. Gawani 1600 ndi 4.5, kenako ndi 0.75, mupeza 474 W. Panelo imodzi ya 400 W sikwanira, pakufunika awiri.

Za batire, 1600 Wh kudzera mu inverter yotaya gawo limodzi mwa magawo 10 ndi pafupifupi 1780 Wh. Batire la asidi lisatsitsidwe kupitirira theka, ndiye pakufunika 3560 Wh, zomwe pa 24 V ndi 148 Ah: mabatire awiri a 12 V 150 Ah olumikizidwa mwa series. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 mungalitsitse ndi 80 pa 100, ndiye la 25.6 V 100 Ah likwanira. Uku n'kuwerengera tsiku limodzi lokha lopanda dzuwa. Afunseni ophunzira kuti zisintha bwanji mwini nyumba akafuna masiku awiri. Akumbutseninso kuti kompuresa ya firiji ikamadzuka imakoka karenti yoposa kangapo ya nthawi zonse, kotero inverter yosankhidwa pongoona mawati olembedwa pa firiji izingozima.

Mawaya

Zolakwika zambiri za sola zazing'ono zimabisala m'mawaya ochepa. Ophunzira aloweze kawerengedwe aka ka waya wa kopa: voteji yotayika ndi 2 kuchulukitsa kutalika m'mamita, kuchulukitsa karenti, kuchulukitsa 0.0175, kugawa ndi kunenepa kwa waya mu mm². Pali 2 chifukwa karenti imapita n'kubwerera. Karenti ya 20 A pa mamita 10 a waya wa 2.5 mm² imataya 2.8 V. Pa magetsi a 230 V palibe angadandaule nazo, ndipo m'pamene amisiri ozolowera AC amapusitsikira. Pa 12 V imeneyo ndi 23 pa 100. Ngakhale waya wa 16 mm² akutayabe 0.44 V, pafupifupi 3.6 pa 100. Mphamvu yomweyo pa 24 V imangofuna 10 A, ndipo waya wa 6 mm² akutaya 0.58 V, yomwe ndi 2.4 pa 100. Lingani kusapitirira 3 pa 100.

Musangolemba izi pa bolodi. Kokani mamita 10 a waya wochepa, lumikizani katundu, ophunzira ayeze voteji ku batire ndi kumapeto kwa waya, agwirenso wayayo amve kufunda. Awerengerenso karenti yomwe inverter ya 1000 W imakoka ku batire, powerengeranso gawo limodzi mwa 10 lomwe imataya: pafupifupi 93 A pa 12 V, 46 A pa 24 V, 23 A pa 48 V. Akaona zimenezi safunsanso chifukwa chake sola zikuluzikulu zimamangidwa pa 48 V.

Pa controller, phunziro losaiwalika ndi kuyerekeza mitundu yake iwiri, PWM ndi MPPT, pa panelo yomweyo. Controller ya PWM imakokera voteji ya panelo pansi kufika pa ya batire. Panelo yathu ya 31 V ikalumikizidwa ku batire la 12 V kudzera mu PWM, izipereka pafupifupi 13 A pa 14 V, kutanthauza 180 W mwa 400 W. MPPT imasiya panelo igwire ntchito pa Vmp n'kusandutsa voteji yotsalayo kukhala karenti. Polumikiza controller, batire liyambe, panelo pambuyo. Pochotsa, panelo iyambe. Ma controller ambiri amazindikira ngati ali pa 12 kapena 24 V poona batire, ndipo ena amawonongeka akalandira panelo batire palibe.

DC sizima yokha

Panelo ilibe switchi. Kuwala kukangoigunda, mawaya ake ali ndi moyo, ngakhale inverter ndi magetsi onse a m'nyumba atazimitsidwa. Komanso karenti ya AC ya 50 Hz imadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, zomwe zimathandiza kuti lawi lobadwa potsegula switchi lizime. DC sidutsa pa ziro. Lawi likayamba limapitirira, kusungunula pulasitiki ndi kuyatsa chilichonse chili pafupi. N'chifukwa chake switchi kapena breaker ya AC siyenera kuikidwa pa mzere wa mapanelo, ndipo MC4 sizulidwa karenti ikuyenda. Ma breaker ena a DC ali ndi mbali ya pulasi ndi ya mayinasi. Mukawatembenuza amaoneka ngati akugwira, mpaka tsiku lomwe adzafunike kudula karenti yeniyeni.

Ophunzira ayambe ndi panelo imodzi, kenako awiri. Mizere yopitirira 120 V aigwire pokhapokha atasonyeza kuti amatsata ndondomeko yozimitsira popanda kukumbutsidwa: kuzimitsa mbali ya AC, kuzimitsa switchi ya DC, kukhoma loko ndi kupachika chikwangwani, kuyesa chida choyezera pa gwero lodziwika kuti lili ndi moyo, kuyeza pomwe akufuna kugwira, ndi kuyesanso chidacho pa gwero lija. Adikirenso mphindi zomwe wopanga inverter walemba, chifukwa ma capacitor a m'kati amasunga voteji kwa kanthawi.

Kufinya MC4 kupatsidwe tsiku lathunthu. Zingaoneke ngati kutaya nthawi, koma polumikizira pofooka ndi pamene moto wa sola umakonda kuyambira. Waya akhale wa sola weniweni, wa 4 kapena 6 mm², wopirira dzuwa. Sendani pafupifupi mamilimita 7 malinga ndi pepala la wopanga, osadula ngakhale kachingwe kamodzi ka kopa. Finyani ndi pulayazi yake, osati pulayazi wamba. Kankhirani chitsulocho m'chikopa chake mpaka chimveke kuti chakola, mangani nati ya kumbuyo ndi masipanala ake, kenako kokani mwamphamvu. Aliyense afinye zosachepera 20, ndipo mphunzitsi adule zingapo pakati ndi sowo kuti onse aone ngati kopa wapanikizika bwino kapena muli mipata. Aphunzitseninso kuti zolumikizira za makampani awiri osiyana zisakwatitsidwe ngakhale zikulowana, chifukwa kusiyana pang'ono kwa zitsulo zake kumabweretsa kutentha ndi kulowa kwa madzi.

Fyuzi ya batire ikhale pafupi kwambiri ndi mutu wa pulasi, poti batire likachita shoti limatulutsa ma amp mazanamazana kapena kuposa. Mizere ya mapanelo ikafika itatu kapena kuposa mwa parallel (pulasi ku pulasi, mayinasi ku mayinasi), mzere uliwonse umafuna fyuzi yake, yosaposa nambala yolembedwa pa chomata, kuti mizere yabwino isathire karenti mu mzere wowonongeka.

Mabatire

Mawotchi, mphete ndi zibangili zivulidwe, masipanala akhale okutidwa, magalasi oteteza maso avalidwe. Batire la asidi la 12 V lopumula limaonetsa pafupifupi 12.7 V likadzaza ndi 12.1 kapena 12.2 V likafika theka, koma muyeso umenewu ndi woona pokhapokha litakhala maola angapo osatchajidwa kapena kugwiritsidwa ntchito. Mabatire othira madzi amatulutsa mpweya wa hydrogen potchaja, womwe umatha kuphulika ukafika 4 pa 100 mu mpweya wa m'chipinda, choncho pamafunika podutsa mphepo ndipo inverter isakhale pamwamba pake penipeni. Kutentha kumawapha msanga: madigiri 10 aliwonse oposa 25 amadula moyo wake pafupifupi ndi theka.

LiFePO4 ili ndi khalidwe lina. Selo iliyonse ndi 3.2 V, ndiye maselo 8 amapanga 25.6 V ndipo 16 amapanga 51.2 V. Voteji yake simasintha kwambiri pakati pa kudzaza ndi kutha, kotero multimeter singakuuzeni bwino kuti latsala ndi mphamvu yochuluka bwanji. Silitchajidwa kukazizira mpaka pansi pa madigiri 0. Ophunzira azolowere kulowa m'makonzedwe a controller ndi kusankha mtundu woyenera wa batire, chifukwa makonzedwe a batire la asidi okhala ndi equalisation (kutchaja pa voteji yokwera mwadala) akasiyidwa pa lithium, BMS, kachipangizo koteteza batire la lithium, izidula pafupipafupi ndipo mwini wake aziganiza kuti anagula batire lachabe.

Padenga

Makwerero apendekeke mwakuti pa mamita 4 aliwonse okwera, phazi lake litalikirane ndi khoma mita imodzi, amangidwe, ndipo apitirire m'mphepete mwa denga ndi mita imodzi. Ngakhale denga lophunzitsira ndi lalifupi, malamba odzitetezera avalidwe ndi kukoledwa tsiku lililonse, kuti manja azolowere. Gulani malamba a masaizi osiyanasiyana. Lamba wokhwepa sateteza munthu wochepa thupi. Panelo ya 400 W imalemera makilogalamu opitirira pang'ono 20 ndipo ndi yotalika pafupifupi mamita 1.7, choncho inyamulidwe ndi anthu awiri, ndipo kukakhala mphepo ntchito iime.

Kum'mwera kwa equator mapanelo amayang'ana kumpoto, kumpoto kwa equator amayang'ana kum'mwera. Apendekeke madigiri osachepera 10 kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo pansi pake pasiyidwe mpata wa masentimita pafupifupi 10 woti mphepo izidutsa. Pa malata a mizere, boolani pamwamba pa mzere osati m'ngalande modutsa madzi, ndipo bawuti ilowe m'thabwa kapena m'chitsulo cha denga. Zopanira zikhale pamalo omwe wopanga panelo wasonyeza, zomangidwa ndi sipanala ya torque. Palibe kuponda kapena kugwada pa panelo: galasi silisweka, koma maselo amang'aluka ming'alu yosaoneka yomwe imadzaonekera patapita miyezi. Mawaya asagone pa denga, amangidwe ku njanji zogwirira mapanelo ndi zomangira zopirira dzuwa. Waya wa ethi wa kopa asakhudzane mwachindunji ndi aluminiyamu wa njanji, chifukwa pakalowa chinyezi aluminiyamu amadyeka. Pali zolumikizira zake zopangidwira zimenezi.

Mukamaliza kumanga, thirani madzi padengalo ndi paipi, ophunzira ali pansi pake akuyang'ana podontha.

Kuyeza musanayatse

Muyezo wa IEC 62446-1 ndiwo umafotokoza mayeso ndi zolemba zofunika pa sola yolumikizidwa ku magetsi a dziko, ndipo ndondomeko yake ndi yabwino kuitsata ngakhale pa sola yoima payokha. Malamulo a mawaya a dziko lililonse amawonjezerapo zake, monga BS 7671 ku Britain kapena SANS 10142 ku South Africa, ndipo koleji iphunzitse a dziko lomwe ili. Kuyamba ndi kuyang'ana ndi maso, kenako kuyeza ngati waya wa ethi walumikizana ponseponse, kutsimikiza pulasi ndi mayinasi, kuyeza Voc ya mzere uliwonse, kuyeza karenti, kuyeza insulation, ndipo pomaliza kuyatsa ndi kuona ngati maswitchi ndi inverter zikugwira.

Asanagwire multimeter, wophunzira alembe zomwe akuyembekeza. Mapanelo anayi a 37 V ayenera kuonetsa cha m'ma 148 V, kutsika pang'ono ngati atentha. Karenti imatsata kuwala: pa 700 W/m², Isc ya 13.7 A ikhala pafupifupi 9.6 A. Mizere yofanana pa kuwala kofanana isasiyane kupitirira 5 pa 100. Isc isayezedwe pogundanitsa mawaya ndi manja kapena kudzera m'bowo la 10 A la multimeter, lomwe fyuzi yake ipsa. Pamafunika switchi ya DC yoyenera ndi clamp meter yobwezeredwa pa ziro. Za insulation, mzere wosafika 120 V umayezedwa pa 250 V ndipo usatsike pansi pa 0.5 MΩ, wa 120 mpaka 500 V umayezedwa pa 500 V, wopitirira apo mpaka 1000 V umayezedwa pa 1000 V, onsewa osatsika pansi pa 1 MΩ. Inverter ndi zotetezera ku mphezi zichotsedwe kaye musanayeze.

Ngati muli ndi inverter yolumikizidwa ku magetsi a dziko, onetsani kuti imazima yokha magetsiwo akathima. Imatero dala, kuteteza amisiri ogwira ntchito pa mawaya a kunja.

Kuika zolakwika mwadala

Apa ndi pamtima pa kosi yonse, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi ya mu wekishopu lipite apa. Ophunzira asanalowe, mphunzitsi awononge chinthu chimodzi pa benchi iliyonse, alembe m'buku lake, ndipo ophunzira angouzidwa dandaulo monga angalinenere mwini nyumba: "magetsi akumatha isanakwane 9 koloko usiku", kapena "inverter ikungolira".

Tembenuzani panelo imodzi mu mzere wa anayi. Voteji sitsika ndi 37 V koma ndi 74, chifukwa panelo yotembenuzidwayo ikulimbana ndi inzake imodzi, ndiye m'malo mwa 148 V aona 74 V. Ikani panelo yomwe bypass diode yake imodzi (kachipangizo kolambalalitsa karenti pa maselo ophimbika) inachita shoti. Mapanelo ambiri ali ndi ma diode atatu, choncho Voc imatsika ndi gawo limodzi mwa atatu, kuchoka pa 37 kufika pafupifupi 25 V. Phimbani selo imodzi ndi kachidutswa ka katoni: Voc isintha pang'ono chabe pomwe mphamvu yatsika kwambiri, ndipo ophunzira aphunzirapo kuti Voc yabwino sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Masulani nati ya pa mutu wa batire pang'ono, kuti voteji izioneka bwino popanda katundu koma n'kugwa inverter ikayamba kukoka. Njira yopezera ndi kuyeza voteji pakati pa mutu wa batire ndi chitsulo cha waya katundu ali woyaka, pomwe payenera kuoneka pafupifupi ziro. Sendani waya pang'ono pomwe wakhudza njanji, kuti muyeso wa insulation uzikhala wabwino kukauma n'kugwa mukawaza madzi. Ili ndi lomwe limachititsa inverter kukana kuyaka m'mawa wa mame n'kudzayaka yokha masana. Sakanizani batire lotha ndi labwino mwa series. Onse pamodzi aonetsa voteji yooneka bwino, koma kuyeza lililonse palokha katundu ali woyaka kuulula lofookalo.

Zolakwika zotenthetsa, monga nati yomasuka, ziikidwe pa karenti yochepa yokha, mphunzitsi ali pomwepo, chozimitsira moto chili pafupi.

Lamulo likhale lakuti palibe kusintha chipangizo musanalembe muyeso wosonyeza kuti ndicho chawonongeka. Wophunzira wopeza vuto mwamwayi, posinthasintha zinthu, asapatsidwe malikisi onse. Wolephera kulipeza koma wayeza mwadongosolo, kuchokera ku panelo kutsikira ku katundu, n'kuchepetsa malo okayikitsa, ali pafupi kukhala mmisiri kuposa mnzakeyo. Pakapita masabata angapo, magulu aziikirana okha zolakwika, mphunzitsi ataziona kaye kuti sizoopsa.

Mayeso ndi kupereka ntchito kwa mwini wake

Mayeso omaliza akhale a munthu mmodzimmodzi: kuwerengera, kumanga pa benchi, kuyeza, kudzaza fomu ya miyeso, ndi kupeza zolakwika ziwiri. Kuphwanya ndondomeko yozimitsira kukhale kulephera pomwepo, ngakhale zina zonse zitakhala bwino. Pomaliza wophunzira afotokozere munthu wosadziwa za magetsi momwe angazimitsire, zomwe magetsi a pa controller akutanthauza, chifukwa chake ketulo kapena ayironi siziyenera kulumikizidwa pa inverter yaing'ono, ndi momwe angatsukire mapanelo ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mawa asanatenthe. Asiye chojambula cha mawaya ndi miyeso ya tsiku loyamba, kuti mmisiri wodzabwera pambuyo adzakhale ndi poyerekezera. Mapanelo amatsika mphamvu pafupifupi theka la 1 pa 100 pa chaka, choncho kutsika kwa 15 pa 100 m'zaka ziwiri si ukalamba, pali vuto.

Aphunzitsi nawo azipita kukagwira ntchito ndi makampani oika sola kwa masabata angapo chaka chilichonse, chifukwa ma inverter ndi mabatire akusintha msanga kuposa mabuku.

Zotsala ndi zotha ntchito

Kosi yosamala chilengedwe iyenera kuonekera ndi momwe wekishopu yake imasamalira zinyalala. Batire la asidi lili ndi mtovu, womwe umawononga ubongo makamaka wa ana, ndipo lisaswedwe, asidi wake asathiridwe pansi. Lisungidwe choimirira pa thireyi ya pulasitiki mpaka lipite kwa ovomerezeka kulikonzanso. Pafupifupi mtovu wonse umatha kugwiritsidwanso ntchito. Mabatire a lithium otupa kapena oboka akutidwe mitu ndi tepi, asungidwe m'bokosi lachitsulo lokhala ndi mchenga wouma, kutali ndi zoyaka komanso osasakanizidwa ndi a asidi. Panelo yosweka galasi imatulutsabe voteji, ndiye iphimbidwe kapena igonekedwe chafufumimba, mawaya ake atakutidwa. Zidutswa za kopa ndi za aluminiyamu zikhale ndi mabini akeake. Pakhale buku lolembamo batire lililonse lolowa ndi lotuluka mu wekishopu, tsiku lake ndi komwe lapita, ndipo ntchito yolemba m'bukumo izizungulira pakati pa ophunzira sabata ndi sabata.